Jombo za Chidebe

1

Dzina langa sindilitchula, koma ngati kwanu kuli firiji, musadabwe mutamva kuti inadutsa m'manja mwanga. Ndili ndi masitolo asanu ndi awiri, malole anayi, ndi nyumba yosanja ya masitepe agalasi, oti alendo amavula okha nsapato osauzidwa. Mayiko makumi awiri ndi atatu ndawaponda ndi mapazi angawa. Ndinaonako madzi ouma akugwa kumwamba ngati ufa. Ndinadyerako pamwamba pa nsanja yomwe imazungulira yokha iwe ukutafuna. Palibe anandigwira dzanja. Ndinayamba ndili mesenjala ku wailesi ya kanema, pa njinga yopanda mabuleki.

Koma ndikatsika galimoto anthu sakumbuka mafiriji. Amakuwa kuti, "A Chidebe! A Chidebe, tayendani pang'ono!"

Ana a dzulo, takhalani pansi ndikuuzeni. Zaka makumi atatu ndi ziwiri zapitazo, Lamlungu lililonse 5 koloko madzulo, pa kanema pankaonetsedwa sewero lotchedwa Dzuwa Lachiwiri. Nkhani yake inali yoti dziko lauma, ndiye anthu asanu akwera chombo cha m'mlengalenga kukafuna dzuwa lina. Chombocho chinali makatoni opaka penti ya siliva. Nyenyezi zinali mababu a tochi obaya pa nsalu yakuda. Kaputeni ankawongolera chombo ndi gudumu la makina osokera. Komabe nthawi ikakwana m'misewu munkati zii. Anthu ankaunjikana pa mawindo a eni kanema kudikira loboti, munthu wachitsulo amene ankakonza chombo chikawonongeka. Mutu wake unali ndowa yamalata yovundikira, n'chifukwa chake ankamutcha Chidebe. Sankalankhula. Asanaponde phazi la kumanzere ankaima kaye pang'ono ngati akuganiza, kenako n'kuponda: di!

Amene anali m'kati mwa chovalacho sankadziwika. Akuluakulu a wailesi analamula kuti chikhale chinsinsi, ana azikhulupirira kuti ndi chitsulo chenicheni. Mayina akamadutsa kumapeto ankangolemba kuti, "Chidebe: iye mwini."

Sewero litatha, dziko linadziwa kuti anali ine. Ndinalengeza ndekha. Sitolo yanga yoyamba ndinaipatsa dzina lake, ndipo makasitomala ankabwera kudzagwira dzanja la Chidebe n'kuchoka atasenza ayironi. Ngakhale mkazi ndinampeza chifukwa cha Chidebe. Pa maphwando ankanena yekha kuti, "Ine ndinakonda ndowa, mwamunayu ndinangompezamo." Anthu n'kufa nazo, ine n'kudzuka kuwayendera kayendedwe kaja pakati pa matebulo.

Lero mayiyo sakhalanso kunyumba kwanga. Moto wake ndinauyatsa ndekha, ndi machesi anga.

2

Mwana ndili naye mmodzi, wamkazi, ndipo ndinamutumiza kunja kukaphunzira zopanga mafilimu. Atabwerako ndinamuuza pa chakudya cha m'mawa:

"Iwe, tidzutse Dzuwa Lachiwiri. Chilichonse chomwe ukufuna ndikupatsa. Dziko lione zomwe tikanachita kale tikanakhala ndi zipangizo."

"Adadi, mukunena zoona?"

"Ine ndinayamba ndanenapo zabodza?"

Amayi ake anaseka, n'kundiwonjezera tiyi.

Mantha ndinalibe. Kale kuwailesi matepi anali ochepa, ndiye gawo likaonetsedwa Lamlungu, Lolemba ankajambulapo mpira kapena nkhani pa tepi yomweyo. Dzuwa Lachiwiri lonse linafufutika choncho. Linatsala m'mitu mwa anthu basi, ndipo mutu wa munthu susunga umboni.

Chatsopanocho, abale, chinali chinthu! Chombo cha zipinda makumi anayi, zonse zojambula pa kompyuta. Nyenyezi zikaphulika, mawindo a nyumba ankanjenjemera. Kaputeni anali mtsikana wokongola wodziwa zibakera. Chidebe watsopano ankalankhula zilankhulo zisanu ndi chimodzi, kuthamanga pakhoma, kuuluka, maso akulavula moto wobiriwira. Wakale uja kuti awoloke chipinda chimodzi pankatha mphindi yathunthu. Watsopanoyu pa mphindi imodzi ankagwetsa adani makumi awiri n'kukonzanso injini.

Tsiku loonetsa gawo loyamba ndinaitana anthu mazana atatu ku holo.

"Alamu mwawaitana?" anafunsa mkazi wanga.

"Achimwene sakonda phokoso."

Achimwene anga ndi osoka nsapato pafupi ndi depoti ya mabasi. Amayenda ndi ndodo, ndipo tsiku lonse amakhala pa kabenchi, singano yosokera nsapato ili m'manja. Mkazi wanga ankawaona kamodzi pa chaka, pa maliro kapena pa ukwati, atakhala pakona. Ndinamuuza kalekale kuti ali ndi kaduka ndi ine, ndipo iye, munthu wosakonda mikangano, anangosiya choncho.

Anthu a mu holo anaomba m'manja, chifukwa anali atadya zanga. Zoona zake ndinazimva Lachiwiri kwa wondimeta, lezala ili pakhosi.

"Bwana, ndinene kapena ndisiye?"

"Nenani, koma dzanja lisanjenjemere."

"Chakale chija tinkaziona ndithu zingwe zomwe anapachikira chombo, koma tinkapemphera kuti chisagwe. Chatsopanochi dzana chaphulika katatu, ine ndikuwenga zikhadabo."

Anzake pa benchi anagwa nacho chikhakhali. Wina anati Chidebe watsopano akulongolola ngati kondakitala. Wina anati mwana wake anagona gawo lili pakati.

Koma mawu omwe anandilasa anali a kunyumba. Gawo lachitatu lili m'kati, mkazi wanga anadzuka n'kuyamba kupinda zovala.

"Simukuonera?"

"Uyu si Chidebe, bambo a mwana. Uyu sanamvepo kuwawa." Anapinda malaya anga bwinobwino. "Inu muja munkaima kaye musanaponde. Mukudziwa zomwe zinatichitira kwathu. Bwanji simunamuuze mwanayu?"

Ndinkadziwadi. Koma ndinati zakale ndi zakale, dziko linapita patsogolo.

3

Patatha mwezi mwana wanga analowa mu ofesi yanga osagogoda, fumbi lili m'tsitsi.

"Adadi, ndapeza golide!"

Mkazi wamasiye wa munthu amene ankagwira kamera kale uja ankasamuka nyumba. Pansi pa bedi anapeza matepi atatu omwe malemu amuna ake anabisa kuti asafufutidwe. Panalinso bokosi lachitsulo, m'kati muli chovala chonse cha Chidebe: ndowa, magolovesi, ndi jombo.

"Zabwino zedi," ndinatero.

Anandikokera ku situdiyo yake. Anayika makanema awiri moyandikana, wakale kumanzere, watsopano kumanja. Wakaleyo anali wotuwa, wodzaza mizeremizere, ndipo pakona pankaoneka chigongono cha munthu wogwedeza katoni. Koma akatswiri a kompyuta onse, anthu oti sanali obadwa pomwe seweroli linkaonetsedwa, anasiya ntchito n'kuyang'ana kumanzere. Chidebe ankawoloka chipinda kukatseka chitseko chomwe chinkatulutsa mpweya. Anaima. Anaponda. Anaima. Anaponda. Mayi wina wa magetsi ananong'ona kuti, "Fulumira, bambo iwe." Kumanja watsopano uja anali atauluka kale kawiri, popanda womuyang'ana.

"Mwaona?" anatero mwana wanga. "Wanga uja palibe chingamulake, ndiye palibe amamudera nkhawa. Wanuyu munthu umaopa kuti safika. Taonani apa: akaima, phewa la kumanja limatsika, mutu n'kupendekeka, phazi n'kubwera mozungulira. Tayesa pa kompyuta sabata ziwiri, zikutuluka ngati chidakwa."

"Ndi luso, mwana wanga. Siligulidwa."

"N'chifukwa chake ndikufuna mwini wake. Chigawo chachiwiri Chidebe atsekedwa pakamwa ndipo ayenda ngati kale. Tikuvekani chovala chothina cha timipira toyera, muvale jombo zanu, makamera akopere mayendedwe anu. Adadi, mudzayenda inuyo."

Onse anaomba m'manja. Ine munthu woti ndinakanganapo ndi akuluakulu a madoko m'zilankhulo zomwe sindizidziwa, ndikanati chiyani?

"Bweretsani jombozo!" ndinakuwa.

4

Atandiveka chovala chothina chija, anabweretsa jombozo. Zachikopa chokhuthala, zopaka siliva wosuwa, zofika m'mawondo, zolemera ngati njerwa. Kunja zinali zofanana ndendende. Ndinalowetsa phazi la kumanja, linakhala bwino. Ndinalowetsa la kumanzere, n'kuimirira.

Dziko linapendekeka. Mwendo wa kumanzere unatalika mwadzidzidzi ngati ndaponda pa sitepe. Ndinayesa kuima kaye monga ndinkachitira pa maphwando, ndinaponya phazi, ndipo ndinakagwera pa nsalu yobiriwira yojambulirapo, timipira toyera tili balala pansi.

Palibe anaseka. Kukanakhala bwino akanaseka.

"Zaka, mwana wanga," ndinatero ndikudzuka. "Chikopa chikakhala m'bokosi chimafufuma."

Iye analowetsa dzanja m'jombo ya kumanzere mpaka m'chigongono. Anakwinya nkhope.

"Muli chinthu cholimba pansi, chokwera ngati zala zitatu. Ya kumanjayi mulibe. Munkavala chonchi?"

"Ndi chinyezi. Ndizitumiza kunja, ndikudziwa munthu amene amasokera mafumu nsapato."

"Kunja kwa chiyani, Adadi, tili ndi bambo aakulu pompano? Ndiwapatsira ndowayinso, nsalu ya m'kati inadyedwa ndi njenjete."

Ndisanavule chovala chothinacho, galimoto yake inali itatuluka kale pa geti.

5

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaimika galimoto kuseri kwa depoti n'kuyenda wapansi, chinthu chomwe sindinachite kwa zaka. Kanyumba ka achimwene n'kamalata, kotseguka kutsogolo. Nsapato zosatengedwa zili m'mizere pa alumali, fungo la guluu ndi phula. Jombo za siliva zinali pamiyendo pawo, akuzipukuta ndi kansanza.

"Mphwanga," anatero osadzutsa mutu. "Wabwera kudzaona jombo zako?"

Tsopano ndikuuzeni, owerenga. Achimwene anadwala ali ndi zaka zisanu, mwendo wa kumanzere n'kutsala wofupika ndi zala zitatu. Atakula anaphunzira kusoka nsapato ndipo anadzisokera jombo zokwera m'kati kuti aziyenda opanda ndodo. Ndine ndinawapezera ganyu kuwailesi yosoka nsapato za osewera. Tsiku lina mkulu wa sewero anawaona akuwoloka bwalo atavala jombozo, anawaimitsa n'kunena kuti, "Loboti wanga ndi ameneyu." Kuima kuja sikunali luso. Ankadikira kuti ululu wa m'chiuno udutse, kenako n'kuponya mwendo. Magawo makumi asanu ndi awiri anayenda choncho m'kati mwa malata otentha. Ine m'chovalacho sindinalowemo ngakhale tsiku limodzi.

"Achimwene, muchotsemo chokwezacho."

"Palibe chawonongeka. Ndinasoka ndekha, ulusi wake sunaduke ngakhale umodzi."

"Ndikupemphani. Lachisanu akufuna ndiyende, amayi a mwana akhalapo."

Achimwene anayika kansanza pansi. Pamene ndinayamba bodza lija anafuna kundiyalutsa, koma malemu amayi athu anawagwira mwendo kuti asaphwanye chibwenzi cha mng'ono wawo. Anamvera, ndipo sanatsegulenso pakamwa.

"Ndakusungira zaka makumi atatu, sabata imodzi singandilake," anatero. "Komanso unandilanda chiyani? Dzina la ndowa? Kaputeni ankalandira makalata matumba awiri pa mwezi, unkawanyamula wekha. Ngakhale mdani wa m'seweromo, wa makutu a pepala, ankalandira. Ine ngakhale imodzi. Ndinadziwa kuti anthu ankangoseka wopunduka wovala ndowa. Ukufuna kusekedwako, tenga."

Ndinayang'ana basi yomwe inkabwerera m'mbuyo.

"Vula nsapato ndikuyeze phazi."

"Pano?"

"Sindidula nsapato ndisanayeze phazi la woivala. Ukudziwa."

Anthu anali atayamba kale kuima. Mayi wina wogulitsa nthochi ankandiloza, akuitana anzake. Ine mwini masitolo asanu ndi awiri, kukhala pa kabenchi ka wosoka nsapato, sokosi pamtunda, pa fumbi la depoti?

"Achimwene, nsapato izi ndinagula kunja, sizivulidwa pa msewu. Ingodulani, saizi yanga ndi naini."

"Phazi si nambala. Ndibwera Lachisanu m'mamawa ndi zida zanga, ndidzakuyezera komweko kuseri. Ndi ntchito ya mphindi khumi."

Ndinavomera, ndinagwedezera dzanja amayi a nthochi aja ngati nduna, n'kumapita. Ndikanangovula nsapato, abale. Nsapato basi.

6

Lachisanu kunacha ndi mvula yamphamvu. Bwalo la situdiyo linasanduka dziwe la matope. Ndinafika msanga kuti ndikumane ndi achimwene pa geti, koma mwana wanga anandigwira kuti andimate timipira. Mkazi wanga anakhala pa mpando wakutsogolo atavala diresi ya buluu, yomwe amavala pa zinthu zazikulu. Pakhoma lonse ankaonetsa tepi yakale ija mobwerezabwereza, mawu atatseka, kuti ndizitsatira.

Zomwe zinachitika panja ndinazimva pambuyo pake. Basi inawatsitsa achimwene pa geti. Dzanja limodzi ndowa ya Chidebe, lina bokosi la zida, m'khwapa ndodo, jombo zili pakhosi. Ataponda m'matope, patapata wawo anadukira momwemo. Munthu wina aliyense akanaitana wowathandiza. Iwo anakhala pa mwala, n'kuvala jombo zomwe zinali pakhosi, monga momwe munthu amavalira nsapato zake. Ndodo anaisiya kwa mlonda. Ndi jombozo sinkafunika.

Ife m'kati tinayamba kumva phokoso m'khonde.

Zii. Di! Zii. Di!

Chitseko chinatseguka. Analowa mdala wonyowa, wa jekete yong'ambika m'chigongono, ndowa ili m'manja. Anayamba kuwoloka situdiyo kubwera kwa ine, pansi penipeni pa chithunzi chachikulu chija. Pamwamba Chidebe anaima, phewa la kumanja linatsika, mutu unapendekeka. Pansi chimodzimodzi. Mapazi awiri anaponda limodzi.

Anazindikira atafika pakati. Anayang'ana khoma, anayang'ana mapazi awo, n'kuima.

"Pepani," anatero. "Kunja kuli matope."

Mwana wanga anagwira pakamwa. Ine ndinaseka mokweza, kuseka kwa pa maphwando. "Mwaona? Achimwene amanditengera bwino kwabasi! Kuyambira kale!"

Palibe ananditembenukira. Mkazi wanga anadzuka pang'onopang'ono.

"Alamu, tayendaninso."

"Alamu, ine ndangobwera kudzayeza phazi."

"Ndapota nanu. Mpaka pa chitseko."

Anayenda. Anabwerera. Mkazi wanga misozi inali ikutsika, koma mawu ake sananjenjemere.

"Bambo anga atafa ziwalo mbali imodzi anakana kudzuka pabedi miyezi isanu," anatero. "Ankati sangayende mokoka mwendo anthu akuona. Lamlungu lina tinawanyamula kukawakhazika pa kanema. Atakuonani anati, ngati chitsulo chikuima kaye n'kuponda, inenso ndingathe. Anayenda zaka zisanu ndi zinayi, alamu, akudziwerengera okha, ima, ponda. Za kudzuka kwawoko ndinakulemberani. Makalata khumi ndi anayi. Munkawawerenga?"

Achimwene anatsitsa ndowa pansi.

"Makalata ati, alamu?"

Apa ndiye onse ananditembenukira.

Ichi ndicho chomwe ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale amayi athu anapita osachidziwa. Chidebe ankalandira makalata kuposa kaputeni, kuposa osewera onse kuwaphatikiza. Poti dzina lake linali chinsinsi, mkulu wa sewero anandiuza ine mesenjala kuti, "Ndi m'bale wako, uzikampatsira kunyumba." Sabata yoyamba ndinatsegula imodzi kuti ndingoseka. Anali mphunzitsi, akuti ana a m'kalasi mwake asiya kunyoza mnzawo wolumala. Ndinatsegula yachiwiri, yachitatu. Ine wamiyendo iwiri yabwinobwino, wopalasa njinga dzuwa lonse, palibe ankandidziwa dzina. Iwo ongokoka mwendo, dziko lonse likuwagwadira. Chinandiwawa. Makalatawo ndinkakawapereka kwa ogulitsa mtedza kuti azikulungira.

Kupatula khumi ndi anayi a mtsikana wina wa ku sukulu ya unamwino. M'kalata yachisanu ndi chimodzi anaikamo chithunzi. Ndinayankha ine.

Sindikumbuka mawu omwe ndinanena poulula zonsezi mu situdiyo muja. Ndikukumbuka kuti ndinali nditavala chovala chothina ngati chule, mimba ili panja, timipira toyera tili thupi lonse, ndipo makamera onse anali oyaka.

Achimwene sanakalipe. Anakhala pa bokosi lawo la zida n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Analipo angati, mphwanga?"

"Sindinawerenge."

"Thumba limodzi?"

"Pa sabata," ndinatero.

Anagwedeza mutu, n'kuyamba kumasula zingwe za jombo. Manja awo, omwe sindinawaonepo akuphonya bowo la singano, analephera mfundo yoyamba.

7

Mkazi wanga sanaswe mbale ngakhale imodzi. Tsiku lotsatira anatsika masitepe agalasi ndi sutikesi imodzi, n'kuima patsogolo panga.

"Makalata anga. Ndikudziwa simunataye, inu simutaya chinthu chomwe munapambana nacho."

Anali m'chikwama changa chachikopa, chomwe ndazungulira nacho mayiko onse aja. Ndinampatsa.

"Mayi a mwana, zaka makumi atatu. Munasowapo chiyani m'nyumba muno? Ndani anakuonetsani nyanja zitatu? Ndani anakugulirani..."

"Palibe chomwe ndinasowa," anatero. "Bodza la ndowa ndikanakukhululukirani, mwina ndikanaseka. Amuna amanama zambiri pofunsira. Koma munthu uja wakhala zaka makumi atatu akuganiza kuti tinkamuseka. Ndipo ine ndinkamupatsa moni wa kumbali, chifukwa munandiuza kuti ndi wakaduka."

Ndinamutsatira pa galimoto, sindibisa. Anatsika pa depoti, anakhala pa kabenchi komwe ine ndinakana kukhala, diresi yake yabwino ili pa fumbi. Achimwene anapukuta manja, anavala magalasi, n'kutsegula kalata yoyamba. Ndinadikira maola awiri. Kasitomala wina anabwera ndi nsapato, anayang'ana, n'kubwerera yekha.

Musaganize zambiri. Sanakwatirane, si nkhani ya pa kanema iyi. Mkazi wanga amakhala kwa mwana wathu. Achimwene akadali pa depoti, kungoti Lachitatu lililonse galimoto ya situdiyo imabwera kudzawatenga. Chigawo chachiwiri cha Dzuwa Lachiwiri chinayamba mwezi watha. Chombo chikadali cha pa kompyuta, nyenyezi zikuphulikabe, koma Chidebe salankhula ndipo sauluka. Amaima, n'kuponda. Kumapeto amalemba dzina lenileni la achimwene, zilembo zikuluzikulu. Langa limadutsa pambuyo pake, laling'ono, pamodzi ndi chithunzi cha firiji.

Wondimeta uja akuti tsopano chatsopano chaposa chakale. "Ndiye inu bwana," anandifunsa dzulo, "m'sewero lija munali ndani kwenikweni?" Benchi yonse inadikira.

"Wonyamula makalata," ndinatero. Aka kanali koyamba kunena zoona pa benchi imeneyo, ndipo palibe anaomba m'manja.

Owerenga, ena mwa inu mukufuna ndinene kuti ndalapa. Sindikudziwa. Masiku ena ndimakwiya ndi mvula ija, ndi mkazi wamasiye uja ndi matepi ake, ndi patapata wotchipa. Mafiriji ndinagulitsa ndekha, mayiko ndinayenda ndekha, zimenezo palibe angandilande. Koma ngati muli ndi chinthu cha m'bale wanu chomwe munatumidwa kukapereka, kaya ndi kalata, kaya ndi mawu abwino omwe munthu ananena za iye inu n'kuwameza, kaperekeni lero. Ndinaba dzina, mwini wake anati tenga. Chomwe sangandikhululukire ndi timapepala tomwe ndinakulungitsa mtedza.

Ndipo ngati munalemberapo Chidebe kalata zaka zimenezo, sinafike. Lembaninso. Ali pa depoti, kanyumba ka malata, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Mukapereke pamanja, musatume munthu.

Ine ndimakhala ndekha m'nyumba yosanja ija. Bondo la kumanzere layamba kuvuta chigwereni mu situdiyo, ndipo dokotala akuti ndi la moyo wonse. M'mawa ndikamatsika masitepe agalasi ndimaima kaye, kudikira ululu udutse, kenako n'kuponda. Phewa limatsika lokha. Patatha zaka makumi atatu ndi ziwiri, kayendedwe kaja ndakadziwa tsopano, ndipo m'nyumba monse mulibe woti aone.